Eveles ndi Nkhalamba za Pamsewu

Ku Kambwata, kamudzi ka asodzi kufupi ndi Senga Bay, kunali mayi wina dzina lake Eveles, amene anthu ankayamba kumumva asanamuone. Anali wamfupi, woti pagulu la amayi ukanatha kumuphonya, koma mawu ake ankapyoza phokoso la padoko mpaka kukafika kwa amene akumufunayo. Ntchito yake inali ya usipa. Ankagula mabwato akangokocheza, n'kuyanika pathandala, ukauma n'kusenza dengu kupita nalo ku Salima. Mwamuna wake Pitala anali mkamwini wochokera ku Chipoka, msodzi wofatsa amene ankatha tsiku lathunthu akusoka ukonde osatulutsa liwu. Anthu ankanena kuti mawu a m'banja limenelo Mulungu anangowapatsa munthu mmodzi.

Sikuti Eveles anabadwa wolusa. Anzake amene anakula naye amati pautsikana anali wanthabwala, woyambitsa nyimbo pamtondo. Chinamusintha ndi zimene zinachitikira mayi ake, a Dailes.

A Dailes ankakhala m'kanyumba kaudzu pafupi ndi nyumba ya Eveles. Miyendo inali itayamba kuwakana, komabe m'mawa uliwonse ankatsika ndi ndodo kupita kudoko, n'kukakhala pa bwato lakale lovundikira. Ankadziwa bwato lililonse likadali kutali, ankadziwa amene wapha ndi amene wabwera chimanjamanja, ndipo ankakalipira ana oponda nsomba ngati onse ndi awo. Asodzi ankawaponyera tinsomba m'mbale popanda kupempha. Umenewo ndiwo unali moyo wawo, ndipo sankadandaula nawo.

Mlongo wake wa Eveles, Lawson, anali kalaliki ku Lilongwe nthawi imene mzindawo unali utangosanduka likulu. Tsiku lina anatulukira pa galimoto yobwereka, nsapato zikuwala. Atasuzumira m'kanyumba ka mayi ake n'kuona denga likuonetsa kumwamba, anati mayiwo akukhala ngati munthu amene sanabereke, ndipo anzake a kuntchito atamva akhoza kumuseka. Anati akuwatenga. Eveles anakana. Anati denga ndi nkhani ya udzu, ndipo Pitala wamweta kale, ungodikira kuuma. Anapempha kuti awafunse eni akewo. Palibe anawafunsa. Amuna a pabanjapo anati mwini mbumba wayankhula, komanso kutauni kuli chipatala ndi madzi a pampopi, mwana wamkazi asamatsekereze mayi ake mwayi. A Dailes anakwera galimotoyo atavala nsapato zatsopano zowathina, m'manja atafumbata kabotolo ka fodya.

Atakolola, Eveles anakwera basi kukawaona. Anawapeza m'kachipinda kakuseri kwa nyumba, momwe munkasungidwanso matumba a makala. Mlamu wake anamufotokozera mwaulemu kuti kumaso kumabwera alendo a bambo, ndiye agogo amapuma bwino kuseri. Chakudya ankawapatsa, bulangete anali nalo latsopano. Koma tsiku lonse ankangoyang'ana mpanda wa njerwa, popanda wowauza kanthu kapena woti iwo amukalipire. Thupi linali litatha. Atamuona mwana wawo sanafunse za adzukulu. Anamugwira dzanja n'kumukokera pafupi.

"Iwe, kodi nyanja ili mbali iti kuno?"

Eveles sankadziwa bwinobwino. Analoza kotulukira dzuwa, ndipo mayiwo anakwawa n'kutembenuza mphasa yawo kuti iyang'ane kumeneko. Madzulo ake Eveles anauza Lawson kuti akubwerera nawo kumudzi. Lawson anati anthu adzanena kuti iye ndi mkazi wake awathamangitsa, ndipo nkhaniyo yatha. Mvula isanagwe, a Dailes anamwalira m'kachipinda komweko.

Mtembo unabwera m'bokosi lonyezimira limene anthu a ku Kambwata anali asanaonepo. Kumanda amuna anaimirira mosinthana, kuyamikira Lawson kuti ndi mwana wodziwa kusamala kholo. Eveles anamvetsera mpaka analephera kupirira. Anadzuka pakati pa amayi, pamalo pamene mkazi sayankhula, n'kunena kuti: "Achimwene, mwawabweza lero chifukwa sangakuchititseninso manyazi." Amayi anamukokera pansi ndi chitenje. Akulu a mpingo anamuimitsa kudya mgonero kwa kanthawi, ndipo Lawson anabwerera tsiku lomwelo osatsanzika. Kuyambira pamenepo nthabwala za Eveles zinasanduka minga.

Patapita zaka zingapo, cha m'ma 1980, nyanja inadzaza kuposa mmene aliyense wamoyo ankakumbukira. Sinabwere ndi mkokomo. Inkangokwera mwakachetechete, mwezi uno yafika pamathandala, mwezi winawo yalowa m'mabafa, kenako yayamba kunyambita zipupa mpaka dothi kumagumuka lokha. Mabanja amene anali ndi manja anasamukira kumtunda, anadula mitengo, anamanga. Kumunsi kunatsala anthu atatu amene analibe wowamangira.

Oyamba anali a Enifa, mayi wamasiye amene ana awo onse anamwalira ali aang'ono. Achiwiri anali a Masiye, mtchona amene unyamata wawo wonse unathera m'mafamu a ku Halale, n'kubwerako ndi chifuwa ndi chipewa basi. Achitatu anali a Binali, Msilamu amene anafika m'mudzimo kalekale ndi ngalawa, katswiri wosoka maukonde, amene tsopano maso awo onse anali atachita ng'ala.

Akulu a mpingo anakhala pansi, anapemphera, n'kugwirizana zofufuza abale. A Enifa anali ndi mwana wa mng'ono wawo kwa Maganga. A Masiye anali ndi mphwawo ku Chipoka. Za a Binali anati amenewo si a mpingo, awaone a kumzikiti. Eveles atamva zimenezi anasiya usipa pathandala, anakwinya chitenje n'kulowa m'madzi ofika m'akakolo kukafunsa eni akewo mmodzimmodzi. A Enifa anati bola amire pafupi ndi manda a ana awo. A Masiye anati kukhala kwa eni anakhuta nako. A Binali anayankha modekha kuti njira za m'mudzi uno amaziona ndi mapazi, ndipo akawachotsa pano m'pamene adzakhale wakhungu weniweni.

Munda wa chinangwa wa malemu a Dailes unali pachitunda, m'mbali mwenimweni mwa msewu wochokera ku Salima. Tsopano unali wa Eveles. Anazula chinangwacho chisanakhwime. Pitala anapita kukadula nsichi osafunsa zambiri. Anthu ena sanabwere mwaufulu, Eveles anachita kuwatenga ndi pakamwa. Ankaima padoko mabwato akamakocheza, n'kumaitana amuna ndi maina awo, kuwakumbutsa amene anawasokera ukonde woyamba, amene anawalera mayi awo atadwala. Mwamuna ankaona kuti kusenza mtolo wa phaso n'kopepuka kusiyana ndi kutchulidwa dzina kachiwiri anthu akumva. Amayi anaponda dothi, anaphoma, anazira. Mvula isanabwerenso panali pataima nyumba zitatu zoyang'anizana, ndi kachisakasa kophikira pakati. Makomo anawasiya opanda chopunthwitsa. Kuchokera pakhomo la a Binali, Pitala anamanga chingwe cha ukonde wakale chokafika kuchimbudzi, ndi china chokafika pamtengo wa mango pomwe pankakhala mthunzi.

Kumanga kunali kosavuta poyerekeza ndi kudyetsa. Eveles anakhazikitsa lamulo limene palibe anamutuma kuti akhazikitse: bwato lililonse lobwera ndi nsomba lizisiya kambale ka nkhalamba, ndipo makomo azisinthana kutunga madzi ndi kubweretsa nkhuni. Salma, mkazi wa msodzi wina wachisilamu, anadzipereka kuphikira a Binali mumphika wawowawo, ndipo Lachisanu mwamuna wake ankawagwira dzanja kupita nawo kumzikiti. Khomo likazemba tsiku lake, Eveles sankalalata. Ankangotenga mtsuko wopanda madzi n'kukauika pakhomo penipeni pa nyumbayo, anthu onse akuona. Amayi ankati bola kutukwanidwa.

Nkhalambazo sizinali angelo. A Enifa ankanena tsiku ndi tsiku kuti a Masiye akuwabera fodya, ndipo nthawi zina zinali zoona. A Masiye anasinthanitsa bulangete lawo ndi kachasu, Eveles n'kuwakalipira mpaka oyenda pamsewu anaima kumvetsera, kenako anawapatsa jekete lakale la Pitala. A Binali ankakana phala likazizira pang'ono. Koma onse anali ndi chochita. A Binali ankasoka maukonde mopapasa pansi pa mango paja, ndipo asodzi ankakhala nawo pomwepo akucheza. Amayi opita kumunda ankasiya makanda kwa a Enifa. A Masiye ankaluka mikeka ndi kuingitsa mbuzi pa chinangwa choyanika. Munthu wodutsa pamsewu ankalonjera, iwo n'kuyankha, n'kufunsa za kumene akuchokera. Ena ankanong'ona kuti Eveles wasonkhanitsa mfiti pamalo amodzi. Iye atamva anati zikanakhala mfiti bwenzi zitaletsa nyanja kulowa m'nyumba zawo.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo mudzi uliwonse unali ndi tcheyamani wake. Wa ku Kambwata anali Mateyu, munthu amene kale ankapalasa nawo bwato la Pitala mpaka Pitalayo anamusiya chifukwa chogona pantchito. Tsopano ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ankayenda ndi anyamata a chipani onyamula ndodo, oona makhadi pamsika. Tsiku lina kunabwera akuluakulu a chipani kudzachititsa msonkhano. Mateyu analoza nyumba zitatu zija n'kuwauza kuti nthambi yake ndi imene yamangira okalamba. Eveles anali atakhala kumbuyo. Ananena, ngati akuuza mnzake wapafupi koma mawu akumveka bwalo lonse, kuti chimene a tcheyamani anabweretsa pomanga paja ndi chithunzithunzi chawo basi. Amayi anabisa nkhope m'zitenje akuseka. Mateyu nayenso anaseka, koma ndi mano okha.

Zaka ziwiri zinadutsa. Dzinja lina kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko adzadutsa msewu umenewo poyendera mbewu. Mudzi wonse unasiya ntchito zake. Amuna analambula msewu ndi kupaka miyala laimu. Amayi anauzidwa kuti lole idzawatenga kupita ku Salima kukaphunzira nyimbo ndi magule, ndipo akagona komweko mpaka tsikulo litafika. Eveles anafunsa kuti nanga amayi onse akapita, nkhalamba adzazitungira madzi ndani. Anamuyankha kuti zimenezo zikonzedwa.

Mmene anazikonzera zinadziwika m'mawa wa tsiku la lole. Mateyu anafika panyumba zitatu zija ndi anyamata ake, pamodzi ndi bwana wina wochokera kuboma amene sanatchule dzina lake. Amayi anali atasonkhana kale pamsewu ndi timitolo tawo. Bwanayo anayang'ana madenga a udzu, anayang'ana a Masiye atakhala pamkeka ndi jekete long'ambika pachigongono, n'kupukusa mutu. Mateyu ndiye anayankhula. Anati pachitunda pamenepa m'pamene amayi adzavinire, chifukwa m'poonekera bwino. Nyumbazi zichoke. Komanso si bwino kuti mlendo wolemekezeka aone anthu osauka chonchi m'mbali mwa msewu, ngati kuti m'dziko muno anthu akuvutika. Agogowa apite kaye kwa abale awo, zinthu zikatha adzaona chochita.

Eveles anayamba mofatsa, zimene sizinali khalidwe lake. Anati munda ndi wa mayi ake. Anati ngati vuto ndi maonekedwe, iye apaka laimu zipupa zonse lero lomwe, ndipo nkhalambazo azibveka zovala za kutchalitchi. Anati a Binali alibe m'bale kulikonse. Bwana uja sanamuyang'ane n'komwe, anangouza Mateyu kuti nthawi ikutha.

"Mayi a Gladys, kwerani lole," anatero Mateyu kwa Eveles, pomutchula ndi dzina la mwana wake. "Nkhani iyi si yanu. Nkhalamba zosaoneka bwino sizingakhale pamene pakudutsa mwini dziko."

"A tcheyamani," anatero Eveles, ndipo mawu ake anamveka mpaka kwa dalaivala wa lole, "kodi amene akubwerawo si nkhalamba? Imvi alibe? Nanga iwowo mukukawabisa kwa m'bale wawo uti?"

Amayi amene anaseka pamsonkhano paja anayang'ana pansi, ena anayamba kukwera lole osauzidwa. Bwana uja anamuyang'ana tsopano, nthawi yaitali, kenako anafunsa Mateyu dzina la mayiyo. A Enifa anayamba kulira chapansipansi, poti anadziwa tanthauzo lake. Dzuwa lisanapendeke kunabwera galimoto ya apolisi. Anamupeza Eveles akutunga madzi odzaza mitsuko yonse itatu. Sanamulole kukasintha chitenje kapena kudikira Pitala, amene anali panyanja. Mwana wake woyamba, Gladys, amene anali kale ndi banja lake, anathamangira galimotoyo mpaka pamphambano.

M'mawa mwake anyamata aja anagwetsa nyumbazo. Sizinawatengere nthawi, poti nyumba yadothi imamangidwa ndi mudzi koma imagwa ndi anthu ochepa. Amuna a m'mudzimo, omwe aja anasenza phaso, anaima patali manja ali kumbuyo. Pitala anayesa kutsekereza pakhomo la a Binali, anamumenya ndodo m'mutu n'kumukankhira m'ngalande. Nkhalambazo anazikweza pa lole yomwe inabweretsa mitengo ya chisakasa cha ovina. A Enifa anakawatsitsa kwa Maganga, a Masiye anawatumiza ku Chipoka. A Binali, poti analibe kopita, anakawasiya pakhonde la mzikiti wina ku Salima, ndi kamtolo ka zovala ndi singano yawo yosokera ukonde.

Tsiku lalikulu lija linafika. Amayi anavina pachitunda kuyambira m'mawa, mapazi akuponda dothi limene anazira okha. Masana mdipiti wa magalimoto unadutsa, magalasi otseka, osachepetsa n'komwe liwiro. Ena amati anaona dzanja likugwedeza litchowa, ena amati sanaone kanthu. Zonse zinathera pomwepo.

Eveles sanaonekere kukhoti. Anamusunga malo amodzi, kenako ena, m'chipinda cha amayi ambiri ogona pasimenti. Ankamufunsa funso limodzimodzi, lakuti anamutuma ndani kunena mawu aja, ndipo iye ankayankha kuti pakamwa ndi pake. Yankho limenelo linamuchotsa mano awiri. Pitala, munthu amene anali asanapiteko kutali kuposa ku Salima ndi kwawo ku Chipoka, anakwera basi kukafuna Lawson, poganiza kuti munthu wa m'maofesi adziwa khomo logogoda. Lawson anakumana naye pageti, osamulowetsa. Anamuuza kuti ali ndi ana kusukulu ndi ntchito yoti aiteteze, ndipo dzina lake lisatchulidwe paliponse pamene patchulidwa la Eveles.

Ku Salima, anthu a pamzikiti paja anawalandira a Binali mmene akanathera. Ankawapatsa chakudya ndi pogona. Koma kumeneko mapazi awo sankadziwa kanthu. Panalibe chingwe, panalibe ukonde woti asoke, panalibe wodziwa kuti anali ndani. Tsiku lina akufufuza njira ya kuchimbudzi anagwera m'ngalande ya simenti n'kuthyoka m'chiuno. Sanadzukenso. Anamwalira nyengo ya mwera, ndipo anthu osawadziwa anawanyamula pajeneza n'kuwaika tsiku lomwelo. Salma anamva patapita sabata, kwa munthu wogulitsa nsomba.

Eveles anamutulutsa m'ndende mango atayamba kupsa, popanda kumuuza chifukwa, monga momwe anamutsekera. Anayenda pansi kuchokera ku Salima. Atafika pachitunda paja anaima. Chisakasa cha ovina chinali chitagwa kale, ndipo pamunda wa mayi ake panali mizere ya njerwa zoumba zikuuma padzuwa. Mnyamata amene ankaumbayo sanamuzindikire, poti anali ataonda ndiponso atametedwa. Anamuuza kuti njerwazo ndi za a tcheyamani, malowa anapatsidwa.

Madzulo anthu anadzaza pakhomo pake kudzamuona. Ankayembekeza kuti alalata, ndipo mwina zikanawapepukira. Iye anangokhala pamphasa akuwayang'ana mmodzimmodzi. Atamva za a Binali anafunsa kuti lole itabwera panali amuna angati m'mudzi muno, ndipo anyamata a ndodowo anali angati. Mkulu wina wa mpingo anayamba kunena kuti nthawi zake n'zovuta, munthu amayenera kuganizira ana. Eveles anamudula, anati wamva, apite akagone. Anthu atabalalika anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Gladys, njinga ija ili bwino?"

Kutacha anapita kwa Maganga. Mwana wa mng'ono wawo wa a Enifa sanali munthu woipa, koma anali ndi ana ambiri m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo mayiwo ankagona m'khitchini, pamodzi ndi nkhuku. Anali atasiya kuyenda. Atamuona Eveles anamuyang'anitsitsa m'kamwa mopanda mano muja, kenako anamukalipira kuti wachedwa. Anawakhazika pakaliyala n'kuwamangirira ndi chitenje, Pitala akukankha njinga, Eveles akuwagwirira kumsana, mpaka ku Kambwata.

Ku Chipoka zinavuta. A Masiye anawapeza atakhala kuseri kwa nyumba ya mphwawo, pafupi ndi njanji. Atamva kuti abwera kudzawatenga anakana. Anati mphwawoyo amawawerengera nthongo, koma pano palibe amabwera ndi lole. Eveles anawanyengerera, kenako anawakalipira monga ankachitira kale, koma sizinathandize.

"Ndisiyeni, mayi," anatero a Masiye. "Ndikabwerera adzandinyamulanso. Ine kunyamulidwa ndatopa nako."

Pobwerera Eveles anakafika pasiteshoni ya sitima. Kumeneko anakhala pansi n'kulira, kulira kwaukali kopanda misozi yambiri, akumenya nthaka ndi chibakera, anthu odikira sitima akumuyang'ana. Pitala anangoima pambali pake. A Masiye anamwalira ku Chipoka komweko chaka chotsatira.

Anamanganso, koma ulendo uno kuseri kwa nyumba yake, kutali ndi msewu, pamene kale pankakhala khola la mbuzi. Anamanga ndi Pitala ndi Gladys okha. Sanapite padoko kukaitana munthu. Pitala anamupempha chinthu chimodzi chokha m'moyo wawo wonse, kuti pagulu azitseka pakamwa, chifukwa akamutenganso sadzabwerako. Eveles anamvera. Ankagula khadi la chipani chaka chilichonse, ndipo lole ikabwera ankakwera, n'kukavina nkhope ili gwa ngati mwala, Gladys atatsala ndi a Enifa ponamizira kudwala. Amene ankamudziwa ankaona kuti mkwiyowo sunapite kulikonse. Unkaonekera pa mmene ankawazira nkhuni, ndi pa mmene ankadutsira anthu ena osawapatsa moni zaka ndi zaka.

Woyamba kubwera ndi mtsuko wa madzi anali Salma. Anautula pakhomo pa a Enifa n'kubwerera. Kenako anayamba kubwera ena, m'mamawa, aliyense payekha. Asodzi anayambiranso kusiya kambale, akumapatsira Pitala kuti asakumane ndi mkazi wake. Eveles ankalandira madziwo ndi nsombazo, chifukwa nkhalamba imafuna kumwa ndi kudya, koma wina akayamba kunena zopepesa ankamuuza kuti atule mtsukowo azipita. A Enifa anakhala zaka zina zinayi, akulera makanda ali chogona, ndipo anaikidwa pafupi ndi ana awo. Asanamwalire n'komwe panali patamangidwa kale kanyumba kachiwiri, kenako kachitatu, poti nkhalamba zosowa wozimangira sizinathe m'mudzimo, ndipo zinkadziwa khomo loti zigogode.

Munda wa a Dailes sunabwerere. Eveles anakadandaula kuboma kamodzi, anamuuza kuti munthu amene anakhalako kundende pa nkhani ngati yake wachita mwayi kuti akupuma mpweya wa kunja. Mateyu anamangapo golosale ya malata, yoyamba ndi yokhayo ku Kambwata, ndipo inamuyendera bwino. Anakhalabe tcheyamani, ananenepa, ankakhala pampando wakutsogolo kutchalitchi. Akakumana ndi Eveles panjira ankamulonjera mokweza kuti anthu amve, iye n'kumangoyenda.

Mudzi wonse unkagula mchere, sopo ndi palafini pagolosalepo, chifukwa inali pafupi. Eveles ankapita kukagula ku Senga Bay, wapansi, dzuwa kaya mvula, ngakhale atangofuna machesi okha. Anachita zimenezo mpaka mawondo anayamba kumuvuta. Atalephera kuyenda anayamba kutuma Gladys, ndipo Gladys akabwera msanga ankamufunsa kumene wagula. Tsiku lina Gladys anavomera kuti anatopa, wagula pompo. Eveles anatenga mcherewo n'kukaukhuthulira kudzala, ndipo tsiku limenelo iye, Pitala ndi nkhalamba zonse za kuseri anadya ndiwo zopanda mchere.